Jezi ya m'Belo

Anabwera nayo pakhonde panga ali ndi zaka khumi ndi zitatu,
jezi yachikasu yotuluka m'belo la kaunjika pa Kamuzu Road,
yomufika m'mawondo ngati diresi.
"A telala, ichepetseni, koma nambala musaikhudze."
Nambalayo inali naini.
Dzina pamsana linali litasupuka kalekale,
chinatsala chilembo chomalizira chokha, O,
chobulungira ngati mpira womwe.

Mwini dzinalo sitinamudziwe.
Anafi anangoti ndi wa ku Brazil, womwetsa zigoli,
ndipo mbiri ya munthuyo anaisoka yekha
mwaluso kuposa mmene ine ndisokera makolala:
ati anakulira m'kanyumba ka malata adzimbiri paphiri,
ati ankasewera opanda nsapato pa simenti yotentha,
mayi ake akuchapira anthu zovala,
mpaka azungu anabwera pa ndege kudzamugula
pamtengo woposa mpunga wonse wa ku Lifuwu.
Ndinkaseka ndili ndi ulusi m'kamwa.
"Wakuuza ndani?"
"Jezi yandiuza."

Zaka zinayi zokha,
Salima yonse inaiwala zoti ndi mwana wa a Chitekwe.
Anali Mbrazili basi.
Loweruka akabaza ankasiya makasitomala padzuwa,
njinga zitaunjikana kuseri kwa golo.
Ine ndemwe ndinatseka makina tsiku lija
anamwetsa asilikali chigoli cha chidendene,
goloboyi akuyang'ana kumene mphepo yapita.
Fumbi linakwera mpaka m'mano.
Mzimayi wa zitumbuwa anaponya beseni m'mwamba,
ana n'kutola zaulere.

Kenako kunabwera bambo wa galimoto yakuda wochokera ku Lilongwe.
Ndege kunalibe.
Anamugula ndi malata makumi awiri, foni,
ndi lonjezo lalitali ngati njanji ya ku Chipoka.
Pa wayilesi dzina lake ndinalimva katatu.
Kachitatu wolengeza anati wagwa,
anati akumunyamula,
kenako anayamba kukamba za kona.

Amene analipo akuti bondo linalira ngati nsungwi youma.

Anabwerera pa minibasi, atakhala kutsogolo
chifukwa mwendo unkakana kupindika.
Palibe anakamuchingamira.
Malata aja anali atafolera kale nyumba ya amalume.

Masiku ano amakhala pansi pa ambulera pafupi ndi depoti,
kutumizira anthu ndalama pa foni.
Ndalama za ena zimadutsa m'zala zake tsiku lonse
monga mmene mpira unkadutsira m'miyendo ya ena.
Mimba yatuluka.
Anyamata atsopano amangoti "a ejenti."

Dzulo wabweranso, akutsimphina, jumbo m'manja,
kumbuyo kwake kamtsikana ka mawondo otuwa,
Asiyatu, amene akuti kusukulu anyamata amamukana m'timu
chifukwa amawachititsa manyazi.
Watulutsa jezi ija.
Chikasu chinathawa, yatsala ngati mapapaya osapsa bwino,
m'khwapa muli zigamba zanga zitatu, ndazizindikira.
"A telala, ichepetseninso."

Ndamufunsa ndikuyeza mapewa a mwanayo:
"Nanga mnzako wa ku Brazil uja zinamuthera bwanji?"
Wayang'ana kumsewu nthawi yaitali,
lole ya thonje mpaka yadutsa yonse.
"Nayenso anabwerera kwawo. Bondo.
Ananenepa. Anthu amamupatsabe moni."
"Akuchita chiyani tsopano?"
"Pamenepo jezi sinanene."

O uja anagwa chaka chatha, ati pochapa.
Usiku ndadula wina pa kansalu kobiriwira
kotsala pa yunifolomu ya mwana wa eni,
ndamusokerera pamalo pake penipeni.
Wapendama pang'ono, maso anga si akale.
Kutsogolo kwake ndasiya danga lonse lija
mmene munali zilembo zimene sitinaziwerengepo.
Ndalama ya ntchitoyi sindinatchule,
nayenso sanafunse.